Negetivu (kujambula zithunzi ndi kusindikiza)

Negetivu ndi chithunzi chimene kuwala ndi mdima zasinthana malo. Pamene maso a munthu amaona powala, pa negetivu pamakhala pakuda, ndipo pamene panali pakuda pamakhala poyera kapena poonekera ngati galasi. Munthu wakhungu lakuda amene wavala malaya oyera amaoneka pa negetivu ali ndi nkhope yotuwa, tsitsi la mbuu ngati la nkhalamba, mano akuda ndiponso malaya akuda bii. Chithunzi chimene chikuonetsa zinthu monga momwe maso amazionera chimatchedwa pozitivu.

Mawuwa amagwiritsidwa ntchito ndi anthu ojambula zithunzi, opanga mafilimu a kanema komanso osindikiza mabuku ndi nyuzipepala. M'ntchito zonsezi negetivu si chinthu chimene kasitomala amafuna kupachika pakhoma, koma ndi poyambira pa chimene akufunacho. Kuchokera pa negetivu imodzi munthu angathe kutulutsa zithunzi ziwiri, khumi kapena chikwi zofanana ndendende. Kwa zaka zoposa 150 kujambula zithunzi kunadalira mfundo imeneyi.

Chiyambi cha mawuwa ndi kagwiritsidwe kake

Mawu akuti negetivu analowa m'Chichewa kuchokera ku Chingerezi, ndipo gwero lake lenileni ndi mawu a Chilatini akuti negare, omwe amatanthauza kukana. Amene anayamba kuwagwiritsa ntchito pa zithunzi ndi John Herschel, katswiri wa ku England wa za nyenyezi ndi mankhwala, yemwe analemba mawu akuti negative ndi positive m'chikalata chimene anapereka ku Royal Society mu 1840. Zikachuluka, olankhula Chichewa amati manegetivu.

Pali mawu ena a Chichewa amene amayendera limodzi ndi negetivu. Kuviika filimu m'mankhwala kuti chithunzi chituluke kumatchedwa kutsuka, n'chifukwa chake anthu amati akupita kukatsukitsa zithunzi, ngakhale masiku ano pamene makina ambiri otulutsira zithunzi za pafoni sagwiritsanso ntchito madzi. Filimu ikalowa kuwala isanatsukidwe, mwachitsanzo wina akatsegula kamera mpukutu uli momwemo, amati yapsa. Mawu amenewa ndi oyenera ndithu, chifukwa negetivu yotero imatuluka yakuda yonse ngati khala, ndipo palibe luso limene lingabweze zimene zinali pamenepo. Makasitomala a ojambula oyendayenda a m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 ankawadziwa bwino mawu akuti zithunzi zapsa, ndipo sikuti nthawi zonse ankawakhulupirira.

Negetivu ya pa zithunzi isasokonezedwe ndi matanthauzo ena a mawu omwewa, monga zotsatira za kuchipatala zosonyeza kuti munthu sanapezeke ndi matenda, mbali ya batire yokhala ndi chizindikiro cha kuchotsera, kapena nambala yochepera ziro m'masamu. Kusokoneza kwina kumene kumachitika kawirikawiri n'koganiza kuti negetivu ndi chithunzi chotembenuzika ngati cha pa kalilole. Zimenezi ndi nkhani ziwiri zosiyana. Chimene chimachititsa kuti chithunzi chikhale negetivu ndi kusinthana kwa kuwala ndi mdima basi. Kumanja ndi kumanzere kumadalira mbali imene munthu akuyang'anira filimuyo. Filimu ili ndi mbali yonyezimira ndi mbali yosanyezimira imene ili ndi mankhwala, ndipo zolemba zimawerengeka bwino munthu akayang'anira kumbali yonyezimirayo.

Mmene negetivu imapangikira

Zonse zimachokera pa khalidwe limodzi la siliva. Siliva akaphatikizidwa ndi bromini, klorini kapena ayodini, amapanga timibulu ting'onoting'ono tangati mchere timene timasintha tikaombedwa ndi kuwala. Pa filimu yakuda ndi yoyera, timibulu timeneti timasakanizidwa ndi jelatini, yemwe amapangidwa kuchokera ku mafupa ndi zikopa za nyama, kenako n'kupakidwa mopyapyala pa pulasitiki yoonekera.

Wojambula akadina batani, kamera imatseguka kwa kanthawi kochepa kwambiri ndipo kuwala kumafika pa filimu. Mbali zowala za chinthu chojambulidwacho zimatumiza kuwala kochuluka, mbali zakuda zimatumiza kochepa. M'timibulu timene takhudzidwa ndi kuwala mumapangika tizidutswa ta siliva weniweni, tochepa zedi moti ngakhale munthu atayang'ana filimuyo sangaone kusintha kulikonse. Chithunzi chilipo, koma n'chobisika.

Ntchito yotsuka ndiyo imachionetsa poyera, ndipo imachitikira mumdima wandiweyani kapena m'kachitini kosalowa kuwala. Mankhwala oyamba amasandutsa timibulu tonse timene tinakhudzidwa ndi kuwala kukhala siliva weniweni, n'kusiya tina tonse tili chomwecho. Siliva wa pa ndolo kapena pa ndalama amanyezimira, koma akakhala m'tizidutswa tosaoneka ndi maso amaoneka wakuda. Apa ndiye pagona chifukwa chake negetivu imakhala yotembenuka: kuwala kochuluka kumabala siliva wochuluka, ndipo siliva wochuluka ndiye kuda. Sikuti wina anachita kusankha kuti zikhale choncho.

Ikakwana nthawi yake, imene imawerengedwa ndi wotchi mankhwala ali pa madigiri 20, filimu imaviikidwa m'madzi a asidi wofooka wonga viniga kuti mankhwala oyamba aja aleke kugwira ntchito. Kenako imalowa m'mankhwala osungunula timibulu timene sitinakhudzidwe ndi kuwala. Popanda gawo limeneli filimu ikanada yonse ikangotulutsidwa panja. Pomaliza amaitsukuluza ndi madzi ambiri n'kuiyanika pamalo opanda fumbi.

Kuti papezeke chithunzi chopatsa kasitomala, kuwala kumadutsitsidwa pa negetivu n'kugwera pa pepala lopakidwa mankhwala a mtundu womwewo. Pamene negetivu ili yakuda pamatchinga kuwala, choncho pepala limatsala loyera. Pamene ili yoonekera pamadutsa kuwala kochuluka ndipo pepala limada. Tingati pepalalo ndi negetivu ya negetivu, ndipo kutembenuza kawiri kumabwezera zinthu m'malo mwake. Negetivu ikagonekedwa pa pepala mwachindunji, chithunzi chimatuluka cha msinkhu wofanana nayo. Ikaikidwa m'makina okulitsira, amene ali ndi nyali ndi galasi, kafilimu kochepa ngati chala chachikulu kamatha kutulutsa chithunzi chodzaza khoma.

Wojambula wozolowera amadziwa mmene ntchito yayendera pongoikweza negetivu kuyang'anitsa kowala. Negetivu yopyapyala, yoonekera kwambiri, imasonyeza kuti kuwala kunachepa, ndipo m'malo amthunzi simukhala chilichonse choti n'kutulutsa. Negetivu yothithikana, yakuda kwambiri, imasonyeza kuti kuwala kunapitirira. Mwa ziwirizi yachiwiriyo ndiyo yabwinoko, chifukwa zimene zalembedwa mopitirira zimatha kuchepetsedwa potulutsa chithunzi, pamene zimene sizinalembedwe n'komwe palibe kozitenga. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri pojambula munthu wakhungu lakuda amene wavala zoyera padzuwa la masana, monga zimakhalira pa maukwati ambiri. Kamera ikatengeka ndi kuyera kwa chovalacho, nkhope imatuluka yopanda maso ndi mphuno.

Mbiri

Cha m'ma 1717, Johann Heinrich Schulze wa ku Germany anasonyeza kuti mankhwala a siliva amada chifukwa cha kuwala osati kutentha. Mu 1802 Thomas Wedgwood ndi Humphry Davy anafalitsa zimene anapeza poika masamba ndi zinthu zina pa pepala kapena chikopa chopakidwa siliva, koma zithunzi zawo zinkada zonse akamaziyang'ana powala. Mu 1816 Nicéphore Niépce wa ku France anajambula ndi kamera pa pepala lotero ndipo anakhumudwa kuona kuti kuwala ndi mdima zatembenuka. Kwa iye chimenechi chinali cholakwika choyenera kukonza, ndipo anasiya n'kuyamba kuyesa njira zina.

Amene anaona phindu la kutembenukako ndi William Henry Fox Talbot wa ku England. Mu Ogasiti 1835 anajambula zenera la nyumba yake yotchedwa Lacock Abbey ku Wiltshire, pa kapepala kochepa ngati sitampa ya kalata. Kapepala kameneka ndi negetivu yakale kwambiri yojambulidwa ndi kamera imene ilipo mpaka lero, ndipo kamasungidwa ku National Science and Media Museum mumzinda wa Bradford. Talbot anazindikira kuti akagoneka pepala loterolo pa linzake n'kuziika padzuwa, lachiwirilo lidzatuluka lolongosoka, ndipo angathe kubwereza kangapo konse kamene akufuna.

Mu 1839 ku Paris kunalengezedwa njira ya Louis Daguerre, imene inkatulutsa chithunzi pa lata lamkuwa lokutidwa ndi siliva. Zithunzi za Daguerre zinali zooneka bwino kwambiri kuposa za Talbot, ndipo kwa zaka zingapo ndizo zinatchuka. Koma chilichonse chinali chimodzi chokha. Wofuna zithunzi zitatu ankayenera kukhala patsogolo pa kamera katatu. Herschel, yemwe mu 1819 anali atapeza kuti mankhwala otchedwa hypo amasungunula mchere wa siliva, anauza Talbot za mankhwalawo, ndipo vuto la zithunzi zomangoda linatha. Mu 1840 Talbot anatulukira za chithunzi chobisika chija, zimene zinachepetsa nthawi yojambula kufika pa mphindi imodzi kapena zingapo padzuwa. Njira yakeyo anaitcha calotype ndipo anailembetsa kuboma mu 1841. Pakati pa 1844 ndi 1846 anatulutsa buku lotchedwa The Pencil of Nature, lokhala ndi zithunzi 24 zomatidwa pamanja, chinthu chimene sichikanatheka popanda negetivu.

Vuto la negetivu yapepala linali lakuti ulusi wa pepalalo unkaonekera pa chithunzi. Gustave Le Gray wa ku France anachepetsa vutoli popaka pepala phula la njuchi lisanapakidwe mankhwala, ndipo pepala lotero linkatha kukonzedwa lero n'kugwiritsidwa ntchito patapita masiku. Mu 1851 Frederick Scott Archer anafalitsa njira yopaka mankhwala pa galasi pogwiritsa ntchito madzi onanda otchedwa collodion. Zithunzi zake zinali zooneka bwino ngati za Daguerre koma zotheka kuchulukitsa ngati za Talbot, ndipo pasanathe zaka khumi njira ziwiri zakalezo zinazilala. Archer sanalembetse njira yake kuti azilandirapo ndalama, ndipo anamwalira ali wosauka mu 1857.

Njira ya Archer inali ndi zovuta zake. Galasi linkayenera kupakidwa, kujambulidwa ndi kutsukidwa lisanaume, m'mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Wojambula ankayenda ndi tenti yamdima, mabotolo, magalasi ndi madzi oyera. Kusiyana kwa njira ziwirizi kunaonekera pa ulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi, umene unayamba mu 1858 ndipo unakwera mtsinje wa Shire mpaka kufika ku nyanja ya Malawi mu 1859. Mng'ono wake Charles Livingstone, amene anapatsidwa ntchito yojambula, anavutika ndi njira yagalasi m'dziko lotentha ndipo zimene zinatsala za ntchito yake n'zochepa kwambiri. John Kirk, dokotala komanso katswiri wa zomera pa ulendowo, ankajambula mwa kufuna kwake pogwiritsa ntchito manegetivu apepala, ndipo zithunzi zake za mitengo, nyumba ndi maboti ndi zina mwa zakale kwambiri zojambulidwa m'chigwa cha Zambezi. Anthu saoneka kawirikawiri m'zithunzizo, chifukwa pepala linkafuna kuti kamera ikhale yotsegula nthawi yaitali ndipo chilichonse choyenda chinkazimirira.

Mu 1871 Richard Leach Maddox anayambitsa kugwiritsa ntchito jelatini, zimene zinabweretsa magalasi ouma ogulitsidwa atakonzedwa kale. George Eastman wa ku Rochester ku America anatulutsa kamera ya Kodak mu 1888, yokhala ndi mpukutu wokwana zithunzi 100. Mwini wake akamaliza ankatumiza kamera yonse kufakitale, kumene ankatsuka zithunzi n'kuikamo mpukutu wina. Filimu yapulasitiki yoonekera inatsatira mu 1889. Kamera ya Leica, yopangidwa ndi Oskar Barnack, inayamba kugulitsidwa mu 1925 ndipo inatchukitsa negetivu ya mamilimita 24 m'lifupi ndi 36 m'litali. Imeneyi ndiyo negetivu imene anthu ambiri amaidziwa, ya timabowo m'mbali, yodulidwa m'tizidutswa n'kuikidwa mu envelopu limodzi ndi zithunzi.

Negetivu yamitundu

Pa filimu yamitundu sikuti kuwala ndi mdima zokha ndizo zimatembenuka. Mtundu uliwonse umasanduka mnzake wotsutsana nawo. Chofiira chimaoneka cha mtundu wa cyan, womwe uli pakati pa buluu ndi wobiriwira. Chobiriwira chimaoneka cha mtundu wa magenta, wofiirira mopita ku pinki. Cha buluu chimaoneka chachikasu. Filimu yotero ili ndi magawo atatu opakidwa mosanjikiza, lililonse lomva mtundu wake wa kuwala. Potsuka, utoto umapangika pamene pali siliva, kenako siliva yense amachotsedwa n'kutsala utoto wokha.

Kodak inayamba kugulitsa filimu ya Kodacolor mu 1942. Manegetivu amitundu amene anthu ali nawo m'nyumba amaoneka a mtundu wa lalanje paliponse, ngakhale m'mbali mopanda chithunzi. Ena amaganiza kuti ndi chizindikiro cha kukalamba, koma mtunduwo unaikidwa dala kuti ukonze zofooka za utoto wa cyan ndi magenta, ndipo umachotsedwa potulutsa chithunzi. Njira yotsukira yotchedwa C-41, imene inayamba mu 1972, imafuna kuti mankhwala akhale pafupifupi madigiri 38, ndipo ndiyo inkagwira ntchito m'makina a m'masitolo otsuka zithunzi m'ola limodzi.

Popeza negetivu yamitundu sionetsa mitundu yeniyeni, wotulutsa zithunzi ankafunika muyezo wotcherera makina ake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi lokhala ndi chithunzi cha mkazi wachizungu, lodziwika ndi dzina lakuti Shirley. Makina otcheredwa potengera khungu loyera sankatulutsa bwino khungu lakuda, ndipo makhadi okhala ndi anthu a khungu losiyanasiyana anabwera mochedwa, m'zaka za m'ma 1990.

Si filimu iliyonse imene imasiya negetivu. Filimu ya masilaidi, monga Kodachrome ya mu 1935, imatsukidwa mwa njira yoti filimu yomweyo isanduke pozitivu. Komanso pali negetivu imodzi imene imawerengedwa momwemo osaitembenuza, ndiyo chithunzi cha X-ray. Mafupa amatchinga cheza ndipo amatuluka oyera, pamene mapapo odzaza mpweya amatuluka akuda.

Negetivu pa ntchito yosindikiza

Kwa zaka zambiri za m'ma 1900, pafupifupi tsamba lililonse la buku, nyuzipepala kapena kalendala yosindikizidwa pa makina a offset linkayamba lakhala filimu. Makina a offset amagwiritsa ntchito puleti, lomwe ndi lata lopyapyala la aluminiyamu. Pa puleti, malo a zilembo amakoka inki yamafuta, ndipo malo ena onse amakoka madzi amene amakana inkiyo. Kuti zilembo zifike pa puleti, tsamba lokonzedwa bwino linkajambulidwa ndi kamera yaikulu, nthawi zina yodzaza chipinda, pa filimu yapadera yotchedwa lith.

Filimu imeneyi imasiyana ndi ya wojambula zithunzi pa mfundo imodzi yaikulu. Ilibe zotuwa. Malo aliwonse amakhala akuda bii kapena oonekera mbee, chifukwa makina osindikizira nawonso amangodziwa ziwiri zokha, kuika inki kapena kusaika. Pa negetivu ya tsamba la buku, pepala lonse limakhala lakuda ndipo zilembo zimakhala ngati timazenera. Chithunzi chokhala ndi zotuwa chinkajambulidwa kudzera pa sefa ya mizere yopingasana, imene inkachigawa m'timadontho tosiyana kukula. Munthu akayang'anitsitsa chithunzi cha m'nyuzipepala amationa timadontho timeneti. Pa ntchito yamitundu pankafunika mafilimu anayi pa tsamba lililonse: ya cyan, ya magenta, yachikasu ndi yakuda.

Manegetivu akauma ankapita pa tebulo lagalasi lokhala ndi nyali pansi. Pamenepo mmisiri ankatseka ndi utoto wofiira timabowo tonse tobwera ndi fumbi, chifukwa kabowo kalikonse kakanasanduka kadontho ka inki pa makope onse. Ankagwiritsa ntchito zofiira chifukwa filimu ya lith ndi puleti sizimva kuwala kofiira, ndipo pa chifukwa chomwecho ankatha kugwira ntchito m'chipinda chamdima atayatsa nyali yofiira. Kenako ankamata manegetivuwo pa pepala lalikulu lotchinga kuwala, tsamba lililonse pamalo pake, ena chadodolido, kuti pepala losindikizidwalo likapindidwa masamba atsatane bwino. Kulakwitsa apa kunali kokwera mtengo: tsamba 12 likakhala pamalo pa tsamba 21, cholakwikacho chinkaonekera mapepala atatha kale.

Pomaliza negetivu inkapanikizidwa pa puleti, mbali yamankhwala itayang'ana pansi, n'kuwalitsidwa ndi nyali yamphamvu. Kuwala kodutsa pa timazenera tija kunkalimbitsa mankhwala a pa puleti, ndipo osalimbawo ankachoka potsuka. Osindikiza amatchula kutentha puleti akamanena za ntchito imeneyi. Palinso mapuleti ogwira ntchito mosiyana, amene kuwala kumafewetsa mankhwala m'malo mowalimbitsa, ndipo amenewa amafuna filimu ya pozitivu. Osindikiza a ku America ankakonda negetivu pamene ambiri a ku Ulaya ankakonda pozitivu. Choncho wotumiza ntchito ankayenera kufunsa kaye mtundu wa filimu imene wosindikiza akufuna. Funso lomwelo lidakalipo m'ntchito zing'onozing'ono: wopanga zidindo za pulasitiki yolimba ndi kuwala amafuna negetivu, pamene wosindikiza pa malaya pogwiritsa ntchito sefa yansalu amafuna pozitivu.

Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1990, makina olemba pa puleti ndi kuwala kwa laser molunjika kuchokera pa kompyuta anayamba kufala, ndipo filimu inachoka m'nyumba zambiri zosindikizira. Mawuwo anatsala ndi tanthauzo lina. Okonza masamba amati zilembo zili mu negetivu zikakhala zoyera pamalo akuda kapena a mtundu wakuda. Zilembo zoterozo sizisindikizidwa ndi inki yoyera, ndi pepala lenilenilo limene likuonekera. Zimakongola pa mitu ya nkhani, koma pa zilembo zing'onozing'ono zopyapyala zimavuta, makamaka pa pepala la nyuzipepala limene limamwa inki. Inkiyo imafalikira n'kutseka zilembozo, ndipo ngati malo akudawo apangidwa ndi mitundu inayi, kusemphana pang'ono kwa mapuleti kumachititsa kuti mawu asawerengeke.

Kusunga manegetivu

Mabanja ambiri anasunga zithunzi m'maalubamu n'kutaya manegetivu, poona ngati ndi zotsalira. Kwa osunga mbiri zili mosiyana. Negetivu ndiyo inali m'kamera pa tsikulo, ndipo imakhala ndi zambiri kuposa chithunzi chilichonse chotulutsidwa pa iyo, kuphatikizapo za m'mbali zimene zinadulidwa. Mpukutu wathunthu umaonetsanso zimene zinajambulidwa chithunzi chodziwikacho chisanajambulidwe ndiponso pambuyo pake, n'chifukwa chake umathandiza pofufuza amene anajambula ndi mmene zinthu zinatsatirana.

Nkhani ya Seydou Keïta wa ku Bamako m'dziko la Mali ikusonyeza zimenezi. Iye anatsegula situdiyo mu 1948 ndipo anajambula anthu a mumzindawo mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Makasitomala ankatenga tizithunzi tating'ono, iye n'kusunga manegetivu masauzande ambiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 manegetivuwo anagwiritsidwa ntchito kutulutsa zithunzi zazikulu zimene zinaonetsedwa ku Paris mu 1994, ndipo Keïta anadziwika padziko lonse asanamwalire mu 2001. Ernest Cole wa ku South Africa, amene anajambula moyo wa anthu akuda pa nthawi ya tsankho n'kutulutsa buku la House of Bondage mu 1967, anamwalira ku New York mu 1990 anthu akuganiza kuti ntchito yake yambiri inatayika. Mu 2017 manegetivu ake pafupifupi 60,000 anapezeka m'chipinda chosungira zinthu cha banki ina ku Stockholm.

Manegetivu sakhalitsa mofanana. Filimu yoyambirira ya nitrate, imene inapangidwa kuyambira mu 1889 mpaka cha m'ma 1951, imayaka mwaukali ndipo madzi saizimitsa, chifukwa imatulutsa yokha mpweya wothandiza moto. Pa 15 Meyi 1929 mafilimu a X-ray a mtundu umenewu anayaka ku Cleveland Clinic ku America, ndipo anthu 123 anafa, ambiri chifukwa cha utsi wapoizoni. Filimu ya acetate imene inalowa m'malo mwake siyaka choncho, koma ikayamba kuwonongeka imanunkha viniga, imakwinyika ndipo mankhwala amasiyana ndi pulasitiki. Ikafika pamenepo siibwereranso, ndipo mpweya wake umafulumizitsa kuwonongeka kwa zinzake zimene zili m'bokosi limodzi. Filimu ya polyester ndiyo yolimba kuposa zonse.

Adani akuluakulu ndi kutentha ndi chinyontho, choncho negetivu yosungidwa m'sutikesi pansi pa denga lamalata, m'dera lotentha ngati la m'mphepete mwa nyanja, imakalamba msanga kuposa yosungidwa pozizira. M'nyengo yamvula nkhungu imamera pa jelatini n'kumudya, ndipo imasiya mizere yangati mizu imene sichoka. Utoto wa manegetivu amitundu umazilala ngakhale ali mumdima, pamene siliva wa negetivu yakuda ndi yoyera yotsukuluzidwa bwino amatha zaka zoposa 100. Negetivu imagwiridwa m'mbali mokha, imasungidwa m'timatumba tapepala lopanda asidi kapena tapulasitiki yosakhala ya PVC, pamalo ouma ndi ozizira, ndipo imene yayamba kununkha viniga imapatulidwa n'kujambulidwa msanga pa kompyuta.

Negetivu m'nthawi ya makamera a digito

Kamera ya digito, imene Steven Sasson anayamba kuipanga ku Kodak mu 1975, sipanga negetivu. Kuwala kumasandulika manambala, ndipo chithunzi chimaoneka cholongosoka nthawi yomweyo. Pofika zaka za m'ma 2000 malonda a filimu anatsika kwambiri, ndipo mu Januwale 2012 kampani ya Kodak inapempha chitetezo cha khoti chifukwa cha ngongole. Filimu ikupangidwabe ndi makampani monga Kodak, Ilford ndi Fujifilm, ndipo opanga mafilimu a kanema ena amaisankhabe dala.

Mawuwo anasamukira ku zipangizo zatsopano. Fayilo ya RAW, imene imasunga zonse zimene kamera yaona zisanakonzedwe, imayerekezeredwa ndi negetivu ngakhale kuti siitembenuza kuwala, chifukwa ndi poyambira pamene pangatuluke zithunzi zosiyanasiyana. Mu 2004 kampani ya Adobe inatulutsa mtundu wa fayilo wotchedwa DNG, chidule cha Digital Negative. Mapulogalamu okonzera zithunzi ali ndi batani lotembenuza mitundu, ndipo ndi lomwelo limene limathandiza kuona zimene zili pa manegetivu akale. Munthu amaika negetivu patsogolo pa chinthu choyera chowala, n'kuijambula chapafupi ndi foni kapena kamera, kenako n'kutembenuza. Pa negetivu yamitundu chithunzicho chimayamba chatuluka chabuluu chifukwa cha mtundu wa lalanje uja, ndipo pamafunika kuuchotsa kuti khungu ndi zovala zibwerere m'mitundu yake.